KODI GALIMOTO YAKALE IYENERA KUCOTSEDWA KABURETA?

M'miyezi ya June ndi July, pamene cisanu cagwira mzinda wa Lusaka, munthu wolawira m'mamawa ku Kabwata kapena ku Chelstone amamva phokoso limene akuluakulu amalidziwa bwino. Ndi phokoso la galimoto yakale imene ikukana kulira. Mwini wake amakoka choki, amaponda mafuta kawiri katatu, napotoza kiyi. Injini imatsokomola, imatulutsa utsi wakuda, kenaka imazima, ndipo nthawi zina mpaka anansi ndi ana a sukulu aitanidwe kuti adzakankhe. Koma pa nyumba yoyandikana nayo, galimoto yocokera ku Japan imalira pa kupotoza kiyi kamodzi kokha, ndipo mwini wake amafika pa Cairo Road mnzake uja akali kupukuta mapulagi.

Kusiyana kwakukulu kwa magalimoto awiriwa kuli pa njira imene injini imalandirira petulo. Yakale imamwa kudzera m'cipangizo cochedwa kabureta, pamene yatsopano imapoperedwa mafuta ndi timipopi tochedwa mainjekita, timene timalamulidwa ndi kompyuta yaing'ono. Masiku ano zipangizo zimenezi zimagulitsidwa pazokha, kotero kuti munthu akhoza kucotsa kabureta pa injini ya zaka 50 ndi kuikapo njira yatsopanoyi. Nkhaniyi ikhudza kwambiri anthu a kumidzi, pakuti galimoto ikakalamba m'tauni kawirikawiri imakathera kumudzi, kumene imanyamula cimanga, feteleza ndi odwala. Nchitoyi itheka ndithu, koma cofunika kudziwa ndi cakuti imapindulira yani, ndipo imagwetsa yani m'mabvuto.

KUMENE MAGALIMOTO AWA ANACOKERA

Ambiri mwa magalimoto akale amene akali kuoneka m'misewu ya dziko lino ali ndi mbiri yao. M'caka ca 1972 fakitale ya Livingstone Motor Assemblers inayamba kulumikiza magalimoto a Fiat mu mzinda wa Livingstone, ndipo pambuyo pake inalumikizanso a Peugeot 504. Ku Ndola kampani ya Rover Zambia inali kulumikiza ma Land Rover, amene anali miyendo ya apolisi, alangizi a zaulimi ndi anchito a zipatala za kumidzi. Panalinso mavaneti a Peugeot 404 ndi Datsun 1200, amene alimi ndi amalonda anawakonda cifukwa ca kulimba kwao. Vaneti ya Datsun inapitiriza kupangidwa ku South Africa, pambuyo pake ndi dzina la Nissan 1400, kufikira caka ca 2008, ndipo inali ndi kabureta mpaka pa mapeto.

Pamene Boma linamasula malonda m'zaka za m'ma 1990, magalimoto ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan anayamba kulowa ambirimbiri, ndipo nchito yolumikiza magalimoto aja m'dziko muno inatha. Pafupifupi magalimoto onse a petulo amene akubwera tsopano ali ndi mainjekita. Cifukwa ca ici zipangizo za makabureta a Zenith, Solex ndi Weber zinayamba kusowa m'masitolo, ndipo amakanika odziwa kuchuna kabureta pomvetsera ndi khutu lokha akukalamba. Anyamata ophunzira umakanika lero azolowera kufufuza nthenda ya galimoto ndi makina amagetsi. Ici ndico cimene cimacititsa eni magalimoto akale kuganiza zosintha.

MMENE KABURETA IMAGWIRIRA NCHITO

Injini siocha petulo yekha ai. Imaocha petulo wosakanizika ndi mpweya, ndipo muyeso woyenera, poyesa kulemera kwake, ndi magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo. Petulo akaculuka, injini imatulutsa utsi wakuda, mapulagi amada ndi mwaye, ndipo ndalama zimathera m'paipi ya utsi. Petulo akacepa, injini imasowa mphamvu, imatentha mopitirira, ndipo mavalavu akhoza kupsa.

Kabureta imacita nchito yosakaniza imeneyi popanda magetsi. Mpweya umene injini ikukoka umadutsa pa khosi lopapatiza, ndipo pothamanga pamenepo umayamwa petulo kucokera m'kambale kudzera m'timabowo ting'onoting'ono tochedwa majeti. Amene anagwiritsapo nchito pampu yamanja yakale ija yopopera mankhwala a udzudzu anaona macitidwe omwewa. Ubwino wa kabureta ndi wakuti zonse za m'kati mwake zimaoneka ndi maso ndi kugwirika ndi manja. Kuipa kwake ndi kwakuti bowo la jeti liri ndi ukulu umodzi tsiku lonse, ndipo silidziwa kuti kunja kwazizira kapena kuti galimoto yakwera phiri.

Nkhani ya mapiri ndi yofunika m'dziko lino. Mzinda wa Lusaka uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kucokera pa nyanja yamcere. Pamtunda wotere mpweya ndi wopepuka, wocepa ndi gawo limodzi mwa magawo 8 poyerekeza ndi wa ku Dar es Salaam kapena ku Durban. Kabureta imene inachunidwa kudziko la m'mbali mwa nyanja ikafika kuno imapereka petulo wopitirira muyeso. Tsono galimoto imene yanyamuka pa Chelstone mu Great East Road imadutsa Chongwe ndi Rufunsa, nitsika mapiri kufika pa mlatho wa Luangwa, pamalo osafika mamita 500, kenaka nikweranso kudzera ku Nyimba, Petauke ndi Katete mpaka ku Chipata, kumene kuli kopitirira mamita 1,000. Pa ulendo umodzi wa makilomita pafupifupi 570 mpweya wasintha kawiri, koma majeti ndi omwe aja. M'mwezi wa October kutentha kwa m'cigwa kumaonjeza bvuto lina, pakuti petulo amawira m'paipi asanafike ku kabureta, ndipo galimoto imazima mpaka itazizira.

NJIRA YATSOPANO

Pa njira yatsopano, pampu yamagetsi imakankha petulo mwamphamvu kucokera m'thanki kufika ku mainjekita. Injekita ndi kampopi kamene kamatseguka ndi magetsi kwa kanthawi kocepa kuposa kuphethira kwa diso, ndipo kompyuta ndiyo imagamula utali wa kanthawiko. Kuti igamule bwino, kompyuta imadalira tizipangizo tochedwa masensa. Sensa ina imayesa kutentha kwa madzi a injini, ina kutentha kwa mpweya, ina kuculuka kwa mpweya wolowa, ndipo ina imaona mmene woyendetsa waponderera mafuta. Palinso sensa ya pa paipi ya utsi, imene imayesa utsi ndi kuuza kompyuta ngati petulo anaculuka kapena anacepa. Motero muyeso umakonzedwa nthawi zonse pamene galimoto iri kuyenda, kaya ndi m'cisanu ca Lusaka kapena m'cigwa ca Luangwa.

Njirayi inayamba mobvuta. M'caka ca 1958 kampani ya Chrysler ku America inagulitsa magalimoto owerengeka okhala ndi cipangizo ca kampani ya Bendix cochedwa Electrojector. Cinabvutitsa eni ake kwambiri, kotero kuti pafupifupi magalimoto onsewo anabwezedwa ku magaraja ndi kuikidwa makabureta. Kampani ya Bosch ya ku Germany ndiyo inakonza maganizo amenewo, ndipo m'caka ca 1967 inatulutsa D-Jetronic pa galimoto ya Volkswagen 1600. Sensa ya pa paipi ya utsi inayamba kugwiritsidwa nchito pa magalimoto a Volvo m'caka ca 1976.

Kwa zaka zambiri kompyuta iriyonse inali kupangidwira mtundu umodzi wa injini. Zinthu zinasintha pamene kunabwera makompyuta oti munthu angawachune yekha molingana ndi injini yake. Ca m'ma 2001 a Bruce Bowling ndi a Al Grippo a ku America anatulutsa MegaSquirt, kompyuta imene munthu amagula zidutswa ndi kulumikiza yekha. Ca m'ma 2016 kampani ya Holley inayamba kugulitsa Sniper, cipangizo cokhala pamalo penipeni pa kabureta, cimene ciri ndi mainjekita ndi kompyuta m'kati mwake. Ku South Africa nakonso kumapangidwa makompyuta a Spitronics ndi Dicktator, amene ndiwo ali kufupi ndi amakanika a kuno.

NCHITO IMENE IFUNIKA

Pali njira ziwiri zosinthira injini yakale. Yoyamba ndiyo kuika cipangizo cimodzi cokhala ndi mainjekita pamalo pamene panali kabureta. Iyi ndi yosabvuta kwambiri, ndipo ikhoza kubwezedwa monga kale. Yaciwiri ndiyo kuika injekita imodzi pa silinda iriyonse, ndipo pamenepa pamafunika kuboola manifodi, imene ndiyo paipi yolowetsa mpweya mu injini, kapena kupeza manifodi ina. Iyi imagawa mafuta mofanana koposa, koma imafuna mmisiri waluso ndi ndalama zambiri. Wogula ayenera kudziwa kuti zipangizo zambiri za ku America zinapangidwira mainjini akuluakulu a masilinda 8. Injini ya Datsun 1200 ndi ya 1,171 cc cabe, ndipo ya petulo ya Land Rover ndi ya 2,286 cc. Cipangizo cacikulu pa injini yaing'ono cimabvuta kuchuna.

Nchito yaikulu imayambira ku thanki. Pampu yakale imakankha petulo pang'onopang'ono, koma mainjekita amafuna mphamvu yoposa pamenepo pafupifupi kakhumi. Mapaipi akale a mphira sangapirire mphamvu yotere, ndipo akaphulika pafupi ndi injini yotentha galimoto ikhoza kuyaka. Onse ayenera kusinthidwa. Thanki ya zaka 40 imakhala ndi dzimbiri ndi matope pansi pake, motero iyenera kutsitsidwa ndi kutsukidwa. Pamafunika masefa awiri, ina petulo asanalowe m'pampu ndi ina atatuluka, ndiponso kawirikawiri paipi yaciwiri yobwezera ku thanki petulo wotsala. Pa paipi ya utsi amaboola ndi kuocherera pokhala sensa, ndipo paipiyo isakhale yobooka kwina, pakuti mpweya wolowera pamenepo umanamiza kompyuta.

Kenaka pali magetsi. Makompyuta awa amafuna batire la mavoti 12, ndipo waya wa negetivi ndiye ayenera kulumikizidwa ku thupi la galimoto. Magalimoto ambiri akale a ku Britain, kuphatikizapo ma Land Rover opangidwa cisanafike caka ca 1967, anali ndi pozitivi ku thupi, ndipo ma Volkswagen Beetle akale anali a mavoti 6 okha. Magalimoto otere ayenera kusinthidwa magetsi poyamba. Dainamo yakale imachaja pang'ono pamene injini ikulira galimoto iri ciimire, cotero m'malo mwake pamafunika alitaneta. Mawaya ouma, olumikizidwa ndi mapepala a pulasitiki, ndiwo amabweretsa matenda ambiri amene pambuyo pake anthu amanamizira kompyuta. Zonse zikatha, mmisiri amakhala pa mpando wa kutsogolo ndi laputopu pamene wina akuyendetsa, nachuna muyeso wa mafuta pa liwiro losiyanasiyana. Nchito imeneyi ikacitidwa mothamanga, galimoto imamwa mafuta kuposa kale.

PHINDU LAKE

Nchito ikagwiridwa bwino, phindu limaoneka tsiku loyamba. Galimoto imalira msanga m'cisanu popanda choki, siizima pa maloboti a mu Independence Avenue, ndipo utsi wakuda ndi fungo la petulo zimacepa. Mapulagi amakhalitsa. Oilo nayenso amakhalitsa, pakuti petulo wopitirira muyeso amene anali kutsikira m'masilinda ndi kusungunula oilo wacepa. Bvuto la petulo wowira m'paipi limacepanso. Koma amene akuyembekeza kuti vaneti yake idzayamba kuthamanga ngati yatsopano adzakhumudwa, pakuti ukulu wa injini ndi womwe uja, ndipo mphamvu yoonjezeka ndi yocepa.

Ambiri amakopeka ndi nkhani yopulumutsa mafuta, ndipo cifukwa cake ndi comveka. Lero mtengo wa petulo ukhudza ngakhale thumba la cimanga. M'mwezi wa December 2021 Boma linacotsa thandizo limene linali kuika pa mtengo wa mafuta, ndipo bungwe la Energy Regulation Board linakweza petulo kucoka pa K17.62 kufika pa K21.16 pa lita. M'caka ca 2022 bungweli linayamba kuunikanso mitengo mwezi ndi mwezi. Komabe mwini galimoto ayenera kutenga pensulo ndi pepala. Mwacitsanzo, vaneti imene imamwa malita 12 pa makilomita 100 imafuna malita 137 kupita ku Chipata ndi kubwerera ku Lusaka. Ngati njira yatsopano itapulumutsa lita imodzi pa malita 10 alionse, ndiye kuti pa ulendo wonsewo apulumuka malita 14. Zipangizo zimagulidwa kunja ndi madola kapena marandi, ndipo pamwamba pake pali msonkho, zonyamulira ndi malipiro a mmisiri. Munthu agawe ndalama zonsezo ndi mtengo wa malita 14, kuti aone maulendo amene ayenera kuyenda ndalama zake zisanabwerere. Kwa galimoto yoyenda kamodzi pa sabata, yankho likhoza kukhala zaka zambiri.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Kuipa kwa njira yatsopano kumaoneka galimoto ikafera kuthengo. Vaneti ya kabureta ikazima pafupi ndi Kacholola, woyendetsa amatsegula kabureta ndi sipanala ndi sikuludiraiva, amauzira jeti ndi pakamwa, napitiriza ulendo. Pampu ikafa, oyendetsa akale anali kumangirira cigubu ca petulo pamwamba kuti mafuta atsike okha, ngakhale kuti macitidwe amenewa ndi oopsa. Batire likafooka, anthu anai amakankha ndipo injini imalira. Pa galimoto ya mainjekita zambiri mwa izi sizitheka. Petulo wopanda mphamvu ya pampu sapopereka, ndipo batire lotheratu silingayendetse pampu ndi kompyuta. Sensa ikafa siikonzeka, imangofuna ina. Ngati inacokera ku America, mwini galimoto akhoza kudikira masabata, ndipo ngati ndi nyengo yogulitsa zokolola, cimanga cake cidzanyamulidwa ndi galimoto ya ena molipira.

Mafuta a kumidzi nawonso ndi bvuto. Kumene kuli kutali ndi malo omwetsera mafuta anthu amagula petulo wa m'zigubu ndi m'madiramu, amene nthawi zina amakhala ndi fumbi kapena madzi. Kabureta imapirira litsiro pang'ono, ndipo ikatsekeka imatsukika. Timabowo ta injekita ndi tating'ono kwambiri, ndipo pampu yamagetsi imaonongeka msanga ndi litsiro kapena ikamayenda thanki iri pafupi kuuma. Kompyuta imapsa ngati wina asokoneza mawaya polumikiza batire, kapena ngati aocherera citsulo pa galimoto kompyuta isanacotsedwe. Iyeneranso kuikidwa pamalo okwera ndi ouma, poganizira mitsinje yodzala ya m'nyengo ya dzinja.

Cenjezo lalikulu koposa ndi lakuti kompyuta siiciritsa injini yotha. Ngati maring'i anadyeka ndipo injini ikuocha oilo, utsi wa oilo umaononga sensa, ndipo ndalama zonse zimalowa m'madzi. Matenda ambiri amene anthu amanamizira kabureta amacokera ku mapointi otha, mapulagi akale, sefa ya mpweya yodzala fumbi, kapena moto wofika pa nthawi yolakwika. Palinso nkhani ya mtovu umene kale unali kuthiridwa mu petulo. Maiko a mu Africa a kumwera kwa cipululu ca Sahara anagwirizana ku Dakar m'caka ca 2001 kuti ausiye, ndipo dziko lomaliza pa dziko lonse lapansi, Algeria, linausiya m'caka ca 2021. Kutha kwa mtovu ndiko kwalola kuti sensa ya utsi igwire nchito, pakuti mtovu umaiononga. Koma mtovu womwewo unali kuchinjiriza pokhala mavalavu pa mainjini akale a mutu wacitsulo, monga a Land Rover. Mainjini otere amafuna kuikidwa pokhala mavalavu polimba, ndipo imeneyo ndi nchito ya amisiri a zitsulo, imene kompyuta singalowe m'malo mwake.

MALANGIZO KWA ENI MAGALIMOTO

Munthu wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands amene amasunga Fiat kapena Mercedes-Benz yakale yoyendera pa Sabata, ali ndi galimoto ina ya masiku onse, ndipo amisiri a magetsi ali naye pafupi, akhoza kusintha popanda mantha. Galimoto yake ikafa, cimene wataya ndi tsiku limodzi. Momwemonso munthu amene kabureta yake inatheratu ndipo ina siikupezeka ali ndi cifukwa cabwino. Koma mlimi amene vaneti yake ndiyo yokhayo m'mudzi, ndipo mmisiri wa laputopu ali makilomita 200 kutali, ayambe ndi zochipa. Ayesetse mphamvu ya masilinda, asinthe mapulagi ndi masefa, aike kacipangizo kamagetsi m'malo mwa mapointi, ndipo kabureta itsukidwe ndi kupatsidwa magasiketi atsopano ndi majeti oyenera dziko lokwera. Kawirikawiri zimenezi zimacotsa mbali yaikulu ya mabvuto pa mtengo wocepa.

Amene watsimikiza mtima kusintha akumbukire kuti safunsa anadya phula. Aone kaye galimoto ina imene mmisiriyo anasinthapo, ndipo aceze ndi mwini wake. Apemphe kuti pampu, masefa ndi masensa zikhale za mitundu yofala, monga za magalimoto a ku Japan, zimene zimapezeka m'masitolo a mu Freedom Way ndi Cha Cha Cha Road. Alandire cithunzi ca mawaya colembedwa papepala, ndiponso asunge padera miyeso imene yaikidwa mu kompyuta, kuti mmisiri wina adzathe kupitiriza nchito. Pa ulendo wautali anyamule pampu ina, sefa ndi mafyuzi. Ndi bwinonso kudziwitsa a inshuwalansi za kusinthaku, ndi kuonetsetsa kuti palibe podontha petulo galimoto isanapite kukayesedwa ku Road Transport and Safety Agency.

Pali magalimoto ena amene sayenera kubooledwa konse. Ku Chilenje, kufupi ndi Kabwata ndi Woodlands, pa nyumba nambala 394 imene a Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira 1960 kufikira 1962, pasungidwa Land Rover imene inagwira nchito pa nthawi yomenyera ufulu wa dziko. Mtengo wa galimoto ngati imeneyo uli pa kukhala kwake monga inaliri. Ngakhale galimoto wamba yakale, ogula odziwa amaikonda ikakhala ndi zipangizo zake zoyamba. Cotero amene wacotsa kabureta asaigulitse kwa ogula zitsulo. Aitsuke, aikulunge m'nsalu, naisunge m'bokosi pamodzi ndi pampu yakale ndi mapaipi ake. Tsiku limene kompyuta idzafa ndipo ina iri kutali, zipangizo za m'bokosilo ndizo zidzafikitsa cimanga ku msika.